Kutula Unkhoswe Ndisanapite ku Angonia

1984, Chipangali

Mphatso ndi Tiyanjane, ana anga, ndaona kuti ndilembe chifukwa pa foni simundilola kufika kumapeto kwa chiganizo. Pepala lili ndi ulemu, silidula munthu pakamwa. Za ubwana wanga ndilibe zambiri: ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira. Tiyambire pomwe ndinayamba kuvala tayi.

Azakhali anu a Esnati akhala akuuza anthu kwa zaka makumi anayi kuti ndinalephera koleji ya uphunzitsi. Sindinalephere, ndinachoka. M'chaka chachiwiri anzanga anandipempha kuti ndilembe kalata yodandaula za nyemba zomwe tinkadya, popeza anankafumbwe anali atachuluka kuposa nyembazo. Ndinailemba m'Chingelezi chosalala, moti mkulu wa koleji anaiwerenga kawiri pamaso pa tonse. Atamaliza anati mwini kalata asankhe: apepese pomwepo kapena anyamule katundu wake. Katundu wanga anali sutikesi imodzi ya malata. Inali yopepuka kuposa kupepesa.

Masiku amenewo masukulu a kumidzi ankatenga aliyense wodziwa kulemba deti pa bolodi, choncho ndinapezeka ku Chipangali monga mphunzitsi wopanda pepala. Ndinafika pa lole ya chimanga, fumbi mpaka m'makutu. Ahedi anali a Mwale, munthu wamfupi amene ankakonda kumenya chitsulo cha belu ngakhale pa Loweruka. Anandilandira ataimirira.

"Satifiketi yanu ili kuti, a Tembo?"

"Ikubwera m'mbuyo, bwana."

"Ifika liti?"

"Msewu ndi woipa, bwana, mwauona nokha."

A Mwale anandiyang'ana nthawi yaitali kufuna kuona ngati ndiseka. Sindinaseke. Anandipatsa giredi faifi, sikisi ndi seveni, Chingelezi chokhachokha.

Zinali zaka zosowa. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonsezi tinkangozimva ngati nkhani za kudziko lina. Choko chinatha m'temu yanga yoyamba, ndipo a Mwale anapeza nzeru: makaka, chinangwa chouma chija. Amalemba bwino ndithu, kungoti ana ankabwera kusukulu ndi njala. Ukatembenuka pang'ono, choko chadyedwa. Tsiku lina ndinalemba ziganizo khumi pa bolodi nkutuluka kukaonana ndi kholo. Pobwera ndinapeza zatsala zisanu ndi chimodzi, kwinako kuli malovu. Kuyambira pamenepo a Mwale ankatsekera makaka mu kabati pamodzi ndi mapepala a mayeso, ndipo mphunzitsi aliyense ankalandira chidutswa chimodzi pa tsiku. Amene wadya chake, aphunzitse pakamwa.

Kumeneko ndiko kunayambira vuto lomwe landichititsa kulemba. Mphunzitsi mnzanga ankakwatira mtsikana wa m'mudzi wapafupi, koma abale ake anali kutali ku Lundazi. Panafunika nkhoswe, munthu woimira mbali yake, wolandira madandaulo banja likagwedezeka. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, wosakwatira, wosadziwa ngakhale mtengo wa poto. A Mwale anati, "Tengani a Tembo. Nkhope imeneyi palibe angaitsutse." Akuluakulu a m'mudzimo anang'ung'udza, koma atandiona analeka. Nkhope yanga mukuidziwa. Amayi anu ankati ndikasangalala ndimaoneka ngati ndikuwerenga anthu obwera pamaliro. Ndinavomera chifukwa anandiuza kuti kudzakhala nkhuku.

1988, kumalire

A Mwale atapuma ntchito, ahedi atsopano anabwera ndi mphwawo wopanda pepala ngati ine, ndipo sukulu sinkatha kusunga awiri otere. Ananditumiza kumalire, kupitirira Chadiza. Ku Mozambiki kunali nkhondo. Anthu ankawoloka ndi mitolo pamutu, ena opanda ngakhale mtolo. Ankalankhula Chichewa chathu chomwechi, kungoti masiku ndi manambala ankatchula m'Chipwitikizi. Ana awo anadzaza makalasi athu mpaka ena ankaphunzirira pawindo, zigongono pa njerwa. Ahedi a kumeneko ankakhala kwambiri kuboma kukapempha madesiki. Madesiki sanabwere, koma iwo ankabwera atanenepa.

Pakati pa ana othawa nkhondowo panali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, Felizimina, wokhala kutsogolo, wamakani ngati mbuzi yopita kumsika. Tsiku lina anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ife tikabwerera kwathu kulibe Chingelezi. Chidzandithandiza chiyani?"

"Ine chinandichotsa ku koleji tsiku limodzi," ndinatero. "Chinthu champhamvu chotero usachipeputse."

Sanamvetse, koma anaphunzira. Mabuku owerenga tinali nawo atatu, limodzi lopanda masamba oyamba, ndiye nkhani yake tinkaiyambira pakati nkumapeka tokha chiyambi. Felizimina ankabwereka buku limenelo Lachisanu nkulibweza Lolemba atalikuta ndi pepala la thumba la simenti. Nkhondo itatha banja lake linabwerera, ine nkuiwala, monga mmene mphunzitsi amaiwalira. Kumalire komweko ndinakwatira amayi anu, amene anandiuza poyera kuti akundilola chifukwa cha njinga. Kumenekonso mabanja a unkhoswe wanga anafika anayi.

1997 mpaka 2019, Chipata

Aphunzitsi a mapepala atachuluka, ife a makaka tinauzidwa kuti dziko likuthokoza. Anzanga ambiri anabwerera kukalima mtedza. Ine ndinapulumuka chifukwa cha Mayi Lungu, ahedi a sukulu ina ya mishoni muno m'tauni, amene ankafuna munthu wosunga mabuku ndi kutaipa makalata. Anali mayi wolimba, magalasi pamphuno, mawu ochepa. Tsiku loyamba anati, "A Tembo, lamulo likuti simuyenera kuphunzitsa. Koma silinanene kuti simungakhale m'kalasi mphunzitsi akapita kumaliro." Aphunzitsi a pasukulu ija ankapita kumaliro kawirikawiri. Tsiku lina woyendera masukulu anandipeza pa bolodi, choko m'manja, ana makumi asanu akubwereza pambuyo panga. Mayi Lungu sanaphethire. Anati, "Awa ndi kalaliki wathu, akuyesa ngati choko chatsopano chikulemba." Woyenderayo anawerenga zomwe zinali pa bolodi, nati chikulemba bwino. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinayesa choko motero, ndipo ana ena omwe sindinawaphunzitsewo lero ndi maloya. Popuma ntchito anandipatsa bulangete ndi wotchi ya pakhoma, kuti ndizidziwa nthawi yomwe sindikupita kulikonse.

M'zaka zimenezi tinamanga nyumba ya ku Kapata, inu munakula, ndipo unkhoswe wanga unafika mabanja khumi ndi limodzi. Ndikuuzeni mmene ntchitoyi ndinkaigwirira, ngakhale sindinyadira. Mkazi akathawira kwa ine, ndinkatumiza mawu kwa nkhoswe ya mwamuna. Tinkakhala pamipando, mkazi pamphasa. Nkhoswe inzanga inkalankhula, mwamuna nkupepesa, ine nkutulutsa mawu anga atatu: banja ndi kupirira. Kenako nkhuku, kenako kuperekeza mkazi kunyumba kwake. Pofika thu koloko zonse zatha. Anthu ankati a Tembo ali ndi dzanja, banja lomwe aligwira silitha.

Lomaliza linali la msuweni wanu Dailesi, mwana wa a Esnati. Mu 2015 anakwatiwa ndi a Jere, a shopu ya zitsulo ndi simenti pafupi ndi msika, aja a lole yoyera. Ine monga malume ndinali nkhoswe ya Dailesi. Ya a Jere anali a Soko, mkulu wa mpingo wa kwawo ku Mtenguleni. Kasanu ndi kamodzi Dailesi anafika pakhomo pathu ndi chikwama. Ulendo wina diso lili lotupa, anati chitseko. Ulendo wina mkono uli m'pulasitala, anati njinga. Ine, munthu wodziwa kupeza cholakwa m'chiganizo cha mwana, sindinafunse kuti ndi chitseko chotani chomenya munthu chaka ndi chaka. A Jere ankadziwa kugwada, ankagwada bwino kuposa aliyense amene ndinamuonapo m'tchalitchi. Ndiwonso anafolera nyumba ya a Esnati ndi malata. Kasanu ndi kamodzi ndinanena mawu atatu aja, ndinadya nkhuku, ndinamuperekeza. Amayi anu okha ndiwo ankakana kudya. Ankati ali ndi chilungulira.

2021 mpaka 2024, pakhonde

Amayi anu atatisiya mu 2021, ndinakhala pakhonde zaka zitatu. Munanditumizira foni yatsopano ndi mpando wofewa, zikomo. Ndinafika podziwa njinga zakabaza zonse za ku Kapata pongomva kulira kwa tcheni. Munthu wa penshoni amafunidwa pa zinthu ziwiri, maliro ndi milandu, ndipo ndinaona kuti ndikungodikira tsiku lomwe pamaliropo mwini nkhani ndidzakhale ine.

Mu Ogasiti 2024 panafika mayi wina wathupi lake, atavala chitenje cha maluwa osaoneka kuno, mtolo wa nsalu pamutu. Anaima pageti nkunena m'Chingelezi chabwino kuti akufuna mphunzitsi amene Chingelezi chinamuchotsa ku koleji. Anali Felizimina. Anabwera ku Chipata kudzagula nsalu ndi zitsulo za makina osokera, nafunsafunsa mpaka wina anamulozera kuno. Ku Angonia, m'dziko la Mozambiki, komwe anakwatiwa, amayendetsa kasukulu ka mpingo. M'mawa amaphunzitsa kusoka. Masana kumabwera anthu akuluakulu ofuna Chingelezi: madalaivala odutsa malire, amayi a geni, achinyamata ofuna ntchito ku Tete. Mphunzitsi analibe.

"Malipiro kulibe, aphunzitsi, ndisakunamizeni. Kuli chipinda, chakudya ndi njinga. Zaka ziwiri. Tikatsekera mudzapita kukaona mlatho wa Zambezi, ngakhale nyanja ya mchere ku Beira."

"Mwana wanga, satifiketi ndilibe."

"Wodzaifuna adzabwere kwa ine, ndidzamulankhula Chingelezi mpaka akhute."

"Ndili ndi BP."

"Nakonso iliko. Simudzasungulumwa."

Anati makalasi amatsegula mu Febuluwale. Ndikapanda kufika, chipindacho adzapatsa wina, chifukwa ophunzira adikira kale chaka chathunthu.

Ndinayamba kukonzekera mawa lake. Wojambula zithunzi za pasipoti anati, "Atate, musamwetulire, lamulo sililola." Ndinamuuza kuti aka nkoyamba boma kugwirizana ndi nkhope yanga. Ndinadinda zala kupolisi kuti alembe kuti si ine chigawenga, ndinabayitsa katemera, ndinatenga mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Ndinagula mapu ndi kabuku ka Chipwitikizi, nkumaloweza mokweza pakhonde, mpaka aneba anatuma abusa kudzaona ngati ndayamba kulankhula malilime. Njira yake ndi yosavuta: kuwoloka malire pa Mwami, basi mpaka Lilongwe, ina mpaka Dedza, kuwolokanso. Mayiko atatu tsiku limodzi, kwa munthu amene kwa zaka zitatu sanapitirire pamsika.

Iwe Mphatso unaimba foni kuchokera ku Lusaka.

"Adadi, anthu akamati akupita kunja amanena ku Ulaya, kumene kuli ndalama. Inu mukukagwira ntchito yaulere kumalo komwe amalankhula Chichewa?"

"Ndiye kuti sindidzasochera."

"Nanga mukadwala?"

"Ndikadwala kuno, iwe uli ku Lusaka, mlongo wako ku Ndola. Ku Angonia nkufupi ndi Chipata kuposa konse kumene muliko. Ndayeza ndi rula pa mapu."

Unadula, kenako unati inali netiweki. Iwe Tiyanjane unalira, unati anthu adzanena kuti mwanditaya. Ndinakuuza kuti anthuwo uwapatse nambala yanga.

Koma inu munali mvula yowaza chabe. Chimvula chenicheni chinali azakhali anu. A Esnati anafika mu Novembala, anakhala pamphasa, anakana tiyi.

"Alongo, ndamva kuti mwapenga."

"Mwamva mochedwa."

"Muli ndi mabanja khumi ndi limodzi pamutu panu. Nkhoswe sichoka ngati wakuba nkhuku. Lililonse mulitule pamaso pa mbali zonse ziwiri, musonyeze wolowa m'malo mwanu. Ndiponso Dailesi wabweranso, ali kwanga sabata yachiwiri ino. A Jere akuti salankhula ndi wina koma inu. Mumubwezere kunyumba kwake, kenako pitani mukafere kumene mukufuna. Mukapita musanakonze, pamaliro anga musadzaponde, ndipo pa anu sipadzaoneka munthu wa mtundu wathu."

Inu okulira m'tauni mwina mukuona ngati awa ndi mawu chabe. Kwathu munthu akhoza kukumana mchere, akhoza kukumana moni, koma akakumana maliro ndiye kuti wakufafaniza. Ine ndi a Esnati tinabadwa awiri okha m'mimba mwa amayi athu. Ndinavomera.

Mabanja khumi ndinawatula m'miyezi iwiri, pa njinga ndi pa basi, mvula ili pamsana. Awiri ndinapeza kuti anatha kalekale osandiuza. La ku Chipangali lija, mwamuna ndi mkazi anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, titadya nkundifunsa kuti kodi ndine yani. Otsalawo ndinawasiya m'manja mwa msuweni wanga a Daka, amene amakonda milandu kuposa mpira. Linatsala limodzi. A Jere anadutsa pakhomo ndi lole yawo, anandisiyira thumba la mpunga, nati tsiku la ulendo adzandiperekeza okha mpaka pa Mwami. "Amalume, munthu wamkulu ngati inu sakwera minibasi." Ndinathokoza. Mpungawo unali wabwino.

Januwale 2025, Kapata

Tinakumana Loweruka m'mawa pabalaza panga. A Soko ndi a Jere pasofa, a Daka pampando wofewa, a Esnati ndi Dailesi pamphasa. Kukhitchini nkhuku yomwe a Jere anabweretsa inali yomangidwa miyendo, ikudikira chigamulo. Chikwama changa chinali kuchipinda, cholongedza kale. Ndinali nditakonza zonse m'mutu: ola limodzi la a Soko, mphindi zisanu za kugwada, mawu anga atatu, basi ndine mfulu, mlongo wanga ali nane, Febuluwale ndili ku Angonia.

A Soko analankhula monga mwa nthawi zonse. Anati mano ndi lilime zimakhala m'kamwa mmodzi koma zimalumana. Anati mnyamata wawo ndi munthu wa bizinesi, mutu umatentha. A Jere anatsika pasofa nagwada, chipewa m'manja. Onse anatembenukira kwa ine.

Ine ndinkayang'ana Dailesi. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri, chifukwa zala ziwiri za dzanja lamanja sizinkapindika. Ndinaganiza kuti zaka ziwiri ndi zazitali. Ulendo wotsatira adzafika ndi chikwama pageti ili nkupeza loko, ngati adzathe kufika nkomwe. Kenako ndinazindikira chinthu chochititsa manyazi. Pamisonkhano yonse isanu ndi umodzi, mawu a Dailesi omwe ndinawamva anali akuti "zikomo amalume", basi. Mwambo umati nkhoswe imalankhulira munthu wake. Ine ndinamulankhulira bwino kwambiri moti sindinamufunsepo kanthu.

"Dailesi," ndinatero, "iwe ukufuna chiyani?"

A Esnati anadzidzimuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Akufuna kubwerera kunyumba kwake. Funso lanji limenelo?"

"Alongo, m'kalasi mwanga ndikafunsa mwana, amayankha mwanayo."

"Muno si m'kalasi."

"Ndi m'nyumba mwanga, sizisiyana kwenikweni."

A Soko anatsokomola. "A Tembo, tisasokoneze dongosolo. Mwana salankhula pamene ankhoswe alipo."

"Mwanayu ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, a Soko, ndi ana ake awiri. Tikadikira kuti akule tichedwa."

Dailesi anaika kapu pansi. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana amuna ake ali chigwadire, kenako anayang'ana khoma.

"Sindikufuna kubwerera, amalume."

"Kweza mawu, a pasofa sanamve."

"Sindibwererako. Anandiponda dzanja ndi nsapato, ana akuona. Anati ulendo wina adzandiika m'thumba la simenti. Sindibwererako."

A Jere anaimirira, ndipo ndinaona kuti kudzuka amadzuka msanga kuposa mmene amagwadira.

"Amalume, mkaziyu ndinamulowola ine. Za m'nyumba mwanga simukuzidziwa."

"Za m'nyumba mwanu sindikuzidziwadi, a Jere. Ndikudziwa za dzanja ili. Mbali yathu yatenga mwana wathu. Za ana tikakambirana kukhoti."

"Ntchito ya nkhoswe ndi kumanga, a Tembo, si kupasula," anatero a Soko.

"Ndamanga kasanu ndi kamodzi pamalo amodzimodzi. Mmisiri wanzeru akanayamba kale kukayikira dothi."

"Mudzayankha kwa Mulungu."

"Ndi bwino. Nanenso ndili ndi mafunso anga."

A Esnati anandiloza chala. "Mwapha banja la mwana wanga kuti muzikayendayenda! Adzadya chiyani? Adzagona kuti? Malata a kwanga ndi a bambo awa, mawa abwera kudzasasula."

"Akasasula tidzafolera udzu. Amayi athu anatilera m'nyumba ya udzu."

"Mawu anga aja mukuwakumbuka?"

"Ndikuwakumbuka."

"Ndiye mwasankha."

"Ndasankha, alongo."

Anamanga chitenje natuluka osatsanzika. A Jere analowa kukhitchini kukatenga nkhuku yawo. Sindinawaletse, inali yawodi. Ndinawauza kuti atengenso mpunga wotsala, koma sanatembenuke. A Daka, omwe sanatulutse mawu m'mawa wonsewo, anafunsa ngati tiyi watsala.

Febuluwale 2025

Lolemba lake ndinaperekeza Dailesi kuchipatala, kupolisi, kenako kukhoti. Nkhani ikuyenda pang'onopang'ono monga zimayendera za kukhoti, koma ana ali ndi mayi wawo. A Daka alonjeza kudzakhala naye tsiku la mlandu, ndipo ndikuwakhulupirira, mlandu sangauphonye. Malata a azakhali anu akadali pomwepo. Iwo ndakumana nawo kawiri kutchalitchi, amayang'ana denga. Ndinapita kwawo kukatsanzika, ndinaodira katatu, wailesi inakwezedwa. Ndinasiya shuga pakhonde pamodzi ndi nambala ya Felizimina. Zikundiwawa, musaganize kuti mtima wanga uli ngati nkhope yangayi. Koma chomwe ndikunong'oneza nacho bondo si funso lija, ndi zaka zomwe ndinakhala osalifunsa.

Mwamva kuti anthu akuti bambo wanu wapasula banja nkuthawa. Theka loyamba nzoona. Lachiwirilo ayi, wothawa salengeza tsiku. Ndinyamuka Lachitatu m'mawa, pa minibasi. Kalasi yanga yoyamba ndi Lolemba masana, ndipo Felizimina akuti wamkulu pa ophunzira onse ndi dalaivala wa imvi amene akufuna kudziwa zomwe apolisi a pamsewu amamunena. Phunziro ndakonza kale. Musanditumizire abusa, musanditumizire adokotala a mutu, ndipo ngati mukufuna kundithandiza nditumizireni madikishonale awiri.

Tsopano za nyumba, popeza ndikudziwa kuti mwakambirana kale zoikamo anthu a lendi. Simuikamo. Dailesi ndi ana ake alowa dzulo. Ndawapatsa chipinda chachikulu, ndipo mango a kuseri ndi awo. Maloko ndasinthitsa onse, makiyi ali ndi iye yekha. Ndamuuza kuti aliyense wofika pageti, kaya ndi a Jere, kaya a Soko, kaya amayi ake, kaya inu ana anga a madigiri, aziodira, ndipo iye ndiye aziona ngati atsegule kapena ayi. Anandifunsa kuti nanga inu amalume mukadzabwerako. Ndinati nanenso ndidzaodira.